Kusanthula zotsatira za kafukufuku pa "mtambo": momwe zimayendera ndi zimene zikukhudza Chitedze ndi Namitete

Kale wochita kafukufuku akamaliza kusonkhanitsa mayankho m'midzi ankafuna zinthu ziwiri: chipinda chosungiramo mitolo ya mapepala, ndi kompyuta yamphamvu yowerengetsera zonse zolembedwa m'mapepalamo. Lero zonse ziwirizi munthu amatha kubwereka. Katswiri wa mbewu ku Chitedze kapena wa zaumoyo ku Namitete akhoza kutsegula laputopu wamba, kulowa pa intaneti, ndi kulamula makina amphamvu amene ali ku Johannesburg kapena ku Ulaya kuti amuchitire masamu amene kompyuta yake ikanalimbana nawo masiku ambiri. Pa Chingerezi njira imeneyi amaitcha cloud computing, ndipo liwu lakuti cloud limatanthauza mtambo.

Dzinali lisatisocheretse. Palibe chimene chimasungidwa kumwamba. "Mtambo" ndi nyumba zikuluzikulu zodzaza ndi makompyuta otchedwa maseva, zokhala ndi magetsi osazima, makina oziziritsira ndiponso alonda. Makampani eni ake amabwereketsa malo osungira zinthu ndi mphamvu yowerengetsera, ndipo amalipiritsa molingana ndi nthawi ndi kukula kwa zimene munthu wagwiritsa ntchito, monga momwe mita ya madzi imachitira. Kampani ya Amazon inayamba malondawa mu 2006, Microsoft ndi Google n'kutsatira. Kwa zaka zambiri makampani atatuwa analibe nyumba zotere mu Africa. Microsoft inatsegula zake ku Johannesburg ndi Cape Town mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, ndipo Google ku Johannesburg mu 2024.

Liwu lina lofunika kuliwongola ndi lakuti data. Kwa ambiri a ife data ndi bandulo imene timagula kuti tilowe pa WhatsApp. M'kafukufuku data ndi zonse zimene zayezedwa, zawerengedwa kapena zalembedwa: kulemera kwa mwana ku sikelo, matumba a mtedza amene atuluka pa ekala, mvula imene yagwa tsiku lakuti, yankho la mayi pa funso lakuti banja lake linadya kangati dzulo. M'nkhani ino liwuli likutanthauza zimenezo.

Nsanja ya kafukufuku

Kubwereka seva yopanda kanthu n'kofanana ndi kuchita lendi nyumba yopanda mipando. Wofufuza ayenera kuikamo yekha mapulogalamu, kukonza chitetezo, ndi kudziwa chochita zinthu zikasokonekera. Akatswiri ambiri a mbewu kapena a matenda sanaphunzire ntchito imeneyo, ndipo alibe nthawi yake. N'chifukwa chake kunabwera nsanja za kafukufuku, ndiko kuti masamba a pa intaneti amene anakonzeratu zonsezi pamwamba pa mtambo kuti wofufuza angofikira pa ntchito.

Pa nsanja yotere gulu la ofufuza limatsegula malo akeake ogwiriramo ntchito. M'malomo amaikamo data yawo, ndipo mtsogoleri wa gulu amasankha amene angaone, amene angasinthe, ndi amene angayendetse masamu odya ndalama. Wofufuza akafuna kusanthula, amasankha kukula kwa kompyuta imene akufuna, nsanja imamudzutsira kompyutayo m'mphindi zochepa, ndipo pulogalamu yosanthulira imatseguka pa laputopu yake ngati tsamba lina lililonse la pa intaneti. Masamu enieni akuchitikira kutali. Chimene chikudutsa m'mawaya ndi malamulo amene iye akulemba ndi mayankho amene akubwera.

Mapulogalamu amene amapezeka kawirikawiri ndi atatu. Jupyter ili ngati kope la masamu lamoyo: munthu amalemba malangizo m'chiyankhulo cha makompyuta cha Python kapena R, yankho kapena chojambula chimatuluka pansi pake pomwepo, ndipo akhoza kulembapo ndemanga zofotokoza chifukwa chimene wachitira zimenezo. RStudio ndi ya anthu ozolowera R, chiyankhulo cha ziwerengero chimene Ross Ihaka ndi Robert Gentleman anayambitsa pa yunivesite ya Auckland ku New Zealand kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo ndi chaulere. Galaxy, imene inayamba mu 2005 pa yunivesite ya Penn State ku America, inapangidwira akatswiri a zamoyo amene salemba malangizo a kompyuta: amangosankha zida pa mndandanda ndi kuzilumikiza.

Nsanja yotchuka pa kafukufuku wa zaumoyo ndi Terra, imene Broad Institute ya ku America inakonza pamodzi ndi kampani ya Verily, ndipo mapulogalamu atatu onsewa alipo. Mu Africa muno muli eLwazi, imene yunivesite ya Cape Town ikutsogolera kuyambira 2021. Pa za nthaka, nkhalango ndi madzi pali Google Earth Engine, ya mu 2010, ndi Digital Earth Africa, ya mu 2019.

Ubwino waukulu wa dongosololi, umene anthu ambiri saulabadira, uli pa kutsimikizira zotsatira. Wofufuza akanena kuti mbewu yakuti imaposa inzake, mnzake wa ku Zomba kapena ku Nairobi akhoza kupatsidwa chilolezo, kulowa m'malo omwewo, kuyendetsa masamu omwewo pa data yomweyo, ndi kuona ngati yankho likufanana. Pamene data inkayenda pa tima flash ndi m'maimelo, panali mafayilo asanu a dzina limodzi, aliyense atasintha wake, ndipo palibe ankadziwa kuti weniweni ndi uti.

Chiyambi cha ku Namitete

Kumadzulo kwa boma la Lilongwe kuli ndi mbiri yakeyake pa nkhani ya kusonkhanitsa data ndi makina. Chipatala cha St Gabriel's ku Namitete, pafupifupi makilomita 60 kuchokera mumzinda panjira ya ku Mchinji, chinakhazikitsidwa mu 1959 ndi masisitere a chipani cha Carmelite ochokera ku Luxembourg, ndipo chimatumikira dera la anthu pafupifupi 250,000. Anthu odzipereka osamalira odwala m'midzi ankayenda mitunda italiitali, ena wapansi ena pa njinga, kuti angokapereka lipoti ku chipatala.

Mu 2008 Josh Nesbit, amene panthawiyo anali wophunzira pa yunivesite ya Stanford, anabwera ndi laputopu, mafoni akale okwana 100, ndi pulogalamu yaulere yotchedwa FrontlineSMS imene Ken Banks analemba. Laputopuyo inakhala likulu lolandirira mauthenga a pafoni ochokera m'midzi. Lipoti limene linasindikizidwa mu 2010 linasonyeza kuti pa nthawi yoyeserera, anthu 75 ogwira ntchito zaumoyo m'midzi atapatsidwa mafoni, chipatala chinapulumutsa maola pafupifupi 2,048 a ntchito ndi madola 2,750, makamaka a mafuta oyendera, ndipo chiwerengero cha odwala chifuwa chachikulu amene chikanatha kuwatsatira chinawirikiza kawiri kufika pa 200. Ntchito imeneyi ndiyo inabala bungwe la Medic Mobile, limene lero limangotchedwa Medic, ndipo mapulogalamu ake akugwira ntchito m'maiko angapo a mu Africa ndi Asia.

Izi sizinali za pa mtambo ayi. Zonse zinkathera mu laputopu imodzi, ndipo laputopuyo ikanabedwa kapena kupsa ndi magetsi, zolembedwazo zikanapita nayo. Koma zinaonetsa kuti munthu wa kumudzi wokhala ndi foni wamba akhoza kutumiza data yodalirika. Kumpoto kwa bomali kunachitikanso zofanana mu 2013, pamene bungwe la Baobab Health Trust linaika kaundula wa pakompyuta woyendera mphamvu ya dzuwa m'mudzi wa Chalasa kwa Mfumu Yaikulu Mtema, kuti azilembamo obadwa ndi omwalira. Pambuyo pake kaundulayo anafalikira m'midzi 83 ya dera lomwelo.

Dziko lonse linalowa m'njira imeneyi mu 2012, pamene Unduna wa Zaumoyo unayamba kugwiritsa ntchito DHIS2, pulogalamu ya pa intaneti yochokera ku yunivesite ya Oslo ku Norway. Malipoti a mwezi ndi mwezi ochokera m'zipatala monga za ku Kabudula, Nsaru ndi Nambuma amathera m'menemo, ndipo mkulu wa ku unduna kapena wofufuza wololedwa akhoza kuona chiwerengero cha odwala malungo kapena cha ana olandira katemera popanda kudikira galimoto yobweretsa mapepala. Nayo nthambi yoona za chiwerengero cha anthu ya NSO inachita kalembera wa 2018 ndi matabuleti, ndipo inapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, mwa iwo oposa 1.6 miliyoni okhala m'boma la Lilongwe kunja kwa mzinda.

Mtedza wa ku Chitedze

Malo amene ntchito ya mtambo ikumveka bwino koposa ndi Chitedze, siteshoni ya kafukufuku wa zaulimi imene inatsegulidwa mu 1948, pa mtunda wa makilomita 16 kumadzulo kwa mzinda wa Lilongwe, m'dera la Mpingu. Kupatula akatswiri a boma, kumeneko kuli maofesi a mabungwe a kafukufuku a padziko lonse monga ICRISAT, imene yakhala ikufufuza za mtedza kuyambira 1982, ndi IITA, yoona za chinangwa ndi soya. Mtedza wa CG7, umene unatulutsidwa mu 1990, ndi wa Nsinjiro, wa mu 2000, wopirira ku matenda a khate la mtedza, ndi zipatso za kafukufuku wotere.

Kupanga mtundu watsopano wa mbewu ndi ntchito ya masamu kuposa mmene ambiri amaganizira. Tiyerekeze kuti katswiri ali ndi mitundu 200 ya mtedza imene akuiyesa. Mtundu uliwonse aubzala m'timinda titatu kuti kusiyana kwa nthaka kusamunamize, ndipo achita zimenezi m'malo anayi: pa siteshoni, m'minda ya alimi ya kufupi, kuchigwa kotentha, ndi kudera lina la mvula yambiri. Timinda takwana 2,400. Pa kamunda kalikonse alemba tsiku lomera, tsiku lochita maluwa, kuchuluka kwa matenda, kulemera kwa zokolola, kukula kwa njere, ndi mlingo wa chuku. Akabwereza zaka zitatu, manambala afika m'zikwi makumimakumi. Funso limene akufuna kuyankha ndi lovuta: kodi mtundu uwu wabereka bwino chifukwa cha chibadwa chake, kapena unangogwera pa chulu chaka cha mvula yabwino?

Kale manambalawa ankalembedwa m'mabuku a kumunda, kalaliki n'kuwakopera mu kompyuta patapita miyezi, ndipo pokopera pamenepo 17 ankatha kusanduka 71. Masiku ano obereketsa mbewu ambiri amalemba pa tabuleti ali m'munda momwemo, pogwiritsa ntchito mapulogalamu monga Field Book, yochokera ku Kansas State University, ndipo akafika pa netiweki zolembazo zimakwera ku nkhokwe ya pa intaneti. Akatswiri a chinangwa a IITA, mwachitsanzo, ali ndi nkhokwe yotchedwa Cassavabase, mmene zoyesa za m'maiko osiyanasiyana zimakumana ndi kusanthulidwa pamodzi.

Chimene chinakulitsa katunduyu ndi kuwerenga DNA, malangizo a chibadwa amene ali m'chamoyo chilichonse. DNA ya mtedza inawerengedwa yonse mu 2019, ndipo ili ndi zilembo zoposa 2.5 biliyoni, pafupi ndi ya munthu imene ili ndi zilembo pafupifupi 3 biliyoni. Katswiri akhoza kudula kachidutswa ka tsamba la mbewu yaing'ono, kukatumiza ku labotale, ndi kulandira zizindikiro zikwizikwi za chibadwa chake. Akaziphatikiza ndi zotsatira za kumunda za zaka zapitazo, masamu amatha kulosera kuti mwa ana a mbewu amene sanabzalidwe n'komwe m'munda waukulu, ndi ati amene angapirire chilala kapena matenda. Pamenepa m'pamene laputopu wamba imagonja, ndipo kubwereka kompyuta yaikulu kwa tsiku limodzi kumakhala kwanzeru kuposa kugula seva imene ikhale chigonere miyezi khumi pachaka ikudya magetsi ndi fumbi.

Phindu lake kwa mlimi wa ku Nsaru ndi nthawi. Mtundu watsopano wa mbewu kawirikawiri umatenga zaka pafupifupi khumi kuti ufike m'manja mwa alimi, ndipo chaka chilichonse chimene chadulidwapo ndi nyengo imodzi ya zokolola zabwinopo. Komabe tisakokomeze. Mtambo sulimira munda, ndipo suona ngati wolemba analakwitsa mzere kapena anangoyerekeza kulemera kwa thumba chifukwa sikelo inali itafa. Kompyuta yamphamvu ikapatsidwa manambala olakwika imangotulutsa bodza mofulumira, lokhala ndi zojambula zokongola. Ndalama zimene zapulumuka posagula seva zingachite bwino kupita ku masikelo abwino ndi malipiro a anthu oyeza m'minda, amene dzina lawo silituluka pa lipoti.

Maso ochokera kumwamba

Data ina siidutsa m'manja mwa wofunsa mafunso. Masetilaiti a Sentinel-2 a bungwe la maiko a ku Ulaya amajambula malo alionse pafupifupi masiku asanu alionse, ndipo kadontho kamodzi pa chithunzi kamaimira mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi. Zithunzi za Landsat za ku America zinayamba mu 1972, ndipo zakhala zaulere kuyambira 2008. Kutsitsa zithunzi za zaka makumi angapo za boma limodzi lokha kungathe bandulo ya ofesi yonse. Pa Google Earth Engine kapena Digital Earth Africa zithunzizo zili kale komweko. Wophunzira wa ku LUANAR amangolemba malangizo ochepa, ajambula malire a dera la Kabudula, ndi kufunsa mmene mitengo, madambo kapena minda zasinthira kuchokera chaka chakuti. Chimene amatsitsa ndi mapu amodzi ndi tebulo la manambala.

Vuto la kwathu kuno ndi lakuti minda ndi ing'onoing'ono, ndipo mlimi amasakaniza chimanga, nyemba ndi maungu pa mzere umodzi, kotero kuti kadontho ka mamita 10 kamakhala ndi mbewu zingapo pamodzi ndi mtengo wa mango. Chinanso, miyezi imene mbewu zili m'munda ndi imenenso thambo limakhala lophimbika. Mitambo yeniyeni imatchinga maso a setilaiti kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndipo ofufuza amathandizidwa ndi setilaiti ina, Sentinel-1, imene imagwiritsa ntchito radar yopyola mitambo. Ngakhale pamenepo, pamafunika munthu wopita pa njinga kukaima m'munda ndi kutsimikiza kuti apa pali soya, osati mtedza. Popanda iye makina alibe pophunzirira.

Kutsata mliri

Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 ku Machinga unafika m'maboma onse a dziko lino, unadwalitsa anthu oposa 59,000 ndi kupha oposa 1,700, ndipo boma la Lilongwe linali m'gulu la amene anakhudzidwa koposa. Ofufuza a ku Malawi ndi anzawo akunja anawerenga DNA ya tizilombo totengedwa kwa odwala ndi kuiyerekeza ndi ya tizilombo ta kolera ta m'maiko ena, imene imasungidwa m'nkhokwe za pa intaneti zotseguka kwa aliyense. Anapeza kuti kachilombo ka mliriwu kanali ka mtundu umene unalowa mu Africa chaposachedwa kuchokera kum'mwera kwa Asia. N'chimodzimodzi ndi poliyo amene analengezedwa mu Febuluwale 2022 atapezeka mwa mwana wa ku Lilongwe: DNA inasonyeza kuti kachilomboko kanali pa ubale ndi ka ku Pakistan. Kudziwa kumene matenda achokera kumathandiza aboma kusankha ngati alimbike za m'malire kapena za zitsime ndi zimbudzi za kwathu konkuno, ndipo sikukanatheka maiko ena akanabisa data yawo.

Madola, magetsi ndi mawaya

Mtambo amalipira ndi ndalama zakunja, ndipo apa m'pamene wofufuza wa ku Malawi amasiyana ndi mnzake wa ku London. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Ngongole ya madola 100 pamwezi inakwera usiku umodzi kuchoka pa K118,000 kufika pa K170,000, ntchito ili yomweyo. Ngakhale ndalama zikhalepo, kupeza chilolezo cha banki cholipirira kunja pa nthawi ya kusowa kwa madola ndi ulendo wina. N'chifukwa chake ntchito zambiri zotere zimalipiridwa ndi mabungwe akunja, ndipo amene walipira ndiye amasunga makiyi.

Malipiro ake ali m'magulu atatu: kusunga data, maola amene kompyuta yobwerekayo yayaka, ndi kutulutsa data kupita nayo kwina. Lachiwirilo ndilo limapweteka ophunzira, chifukwa kompyuta imene munthu waiwala kuzimitsa Lachisanu imapitiriza kuwerenga maola mpaka Lolemba. Nsanja zina, monga Terra, zimaimitsa zokha kompyuta ikakhala kanthawi osagwiritsidwa ntchito, ndipo eni mtambo amalola kuika malire ochenjeza ndalama zikamayandikira kutha. Lachitatulo limabisika: kulowetsa data kawirikawiri n'kwaulere, koma kuitulutsa amalipiritsa, ndipo bungwe limene launjika zaka zisanu za ntchito pa kampani imodzi limazindikira mochedwa kuti kusamuka n'kodula.

Pa magetsi, mtambo umathandizadi. Namondwe wa Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo magetsi ankazima maola ambiri tsiku lililonse kwa chaka chonse ndi miyezi ingapo. Masamu amene akuyenda pa seva ya mu ofesi amafa magetsi akazima, pamene a pa mtambo amapitirira, ndipo wofufuza amapeza yankho likumudikira batire ya laputopu ikadzadza. Koma intaneti ikaduka, zonse zimaima. Malawi alibe nyanja yamchere, ndipo intaneti yake imadutsa m'maiko oyandikana nawo kukalumikizana ndi mawaya a pansi pa nyanja. Mu Meyi 2024 mawaya awiri otere, EASSy ndi Seacom, ataduka kufupi ndi gombe la South Africa, intaneti inavuta masiku angapo m'Malawi, Tanzania, Mozambique ndi maiko ena. Starlink, imene inayamba kugwira ntchito kuno mu 2023, yapereka njira ina kwa zipatala ndi masiteshoni akutali, ngakhale mtengo wake si wa aliyense. Mayunivesite ali ndi bungwe lawolawo la intaneti, MAREN, lolumikizana ndi UbuntuNet Alliance, imene likulu lake lili mu Lilongwe.

Kumidzi, kumene kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba zambiri zilibe magetsi, mapulogalamu osonkhanitsira data monga ODK ndi KoboToolbox anapangidwa kuti azigwira ntchito popanda netiweki. Wofunsa amadzaza fomu pa foni tsiku lonse, ndipo akafika pa trading centre mayankho onse amapita nthawi imodzi.

Mwini wake ndani?

Mayi wa ku Nambuma akavomera kuyankha mafunso a za umoyo wake, kapena kupereka magazi kuti akayezedwe, amadinda chala kapena kusaina pa chikalata cha chilolezo. Kale tanthauzo la chikalatacho linali lomveka: mapepala akhala m'kabati yokhoma ku Lilongwe. Lero mayankho ake akhoza kukhala pa seva ya ku Ireland kapena ku Virginia pasanathe ola, pansi pa malamulo a dziko limene iye sanalimvepo. Lamulo la ku America la mu 2018 lotchedwa CLOUD Act, mwachitsanzo, limalola akuluakulu a zamalamulo a dzikolo kulamula makampani a kumeneko kupereka data imene akusunga, ngakhale seva yake ili kudziko lina.

Ofufuza amachotsa maina ndi kuika manambala m'malo mwake, ndipo zimenezi n'zofunika. Koma m'mudzi wa mabanja 60, kunena kuti mayi wa zaka 43, wa ana asanu ndi awiri, wamasiye, wokhala pa malo akuti a GPS, n'chimodzimodzi kutchula dzina lake. Ofufuza osamala amasuntha pang'ono malo a GPS, amaika zaka m'magulu, ndipo amasunga mndandanda wa maina kwina, kosiyana ndi kumene kuli mayankho.

Dziko la Malawi lili ndi zotchinga zingapo. Kafukufuku aliyense wokhudza umoyo wa anthu ayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za chilungamo m'kafukufuku, monga NHSRC ya pansi pa Unduna wa Zaumoyo kapena COMREC ya ku Kamuzu University of Health Sciences, ndipo makomitiwa amayang'aniridwa ndi National Commission for Science and Technology. Mu 2024 kunabwera lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act, limene linapatsa bungwe la MACRA udindo woliyang'anira. Lamuloli limaika za umoyo wa munthu m'gulu la zinsinsi zofunika chisamaliro chapadera, limapatsa munthu ufulu wofunsa zimene ena akusunga zokhudza iye ndi kuuza kuti akonze zolakwika, ndipo limaika malire pa kutumiza data ya anthu kunja kwa dziko kumene kulibe chitetezo chokwanira. Boma linatsegulanso nyumba yake ya maseva, National Data Centre, ku Blantyre mu 2022. Chimene chatsalira m'mbuyo ndi chiyankhulo cha m'zikalata za chilolezo. Wotenga nawo mbali ayenera kuuzidwa m'Chichewa chomveka kuti mayankho ake akasungidwa dziko liti, kwa zaka zingati, ndi kuti ofufuza ena amene sadzawaona maso adzaloledwa kuwagwiritsa ntchito kapena ayi. Kumuuza kuti "zikasungidwa pa kompyuta yotetezedwa" n'kunena zoona, koma zoperewera.

Nkhani ya umwini imakhudzanso mbewu. Ku Chitedze kuli nkhokwe ya dziko yosungira mitundu ya mbewu za makolo, zimene zinasonkhanitsidwa kwa alimi m'maboma osiyanasiyana. Kale wofuna kupindula ndi mawere kapena nzama za ku Malawi ankayenera kutenga njere zenizeni, ndipo panali mapangano ogawana phindu. DNA ya mbewuyo ikawerengedwa ndi kuikidwa pa intaneti, kampani ya kutali ikhoza kuigwiritsa ntchito osagwirako njere ngakhale imodzi. Mkangano umenewu unatenga zaka, ndipo pa msonkhano wa mu 2024 ku Cali m'dziko la Colombia maiko anagwirizana zokhazikitsa thumba limene makampani opindula ndi data yotere azisonkhamo ndalama.

Chiopsezo china n'chakuti mwini nsanja akhoza kutseka chitseko. Kumapeto kwa Januwale 2025, boma la America litaimitsa thandizo lake la kunja, tsamba la FEWS NET, limene kwa zaka zambiri lakhala likuchenjeza za njala m'maiko kuphatikizapo Malawi, linazimitsidwa pamodzi ndi malipoti ake akale, ndipo linabwereranso patapita miyezi ingapo. Nthawi imeneyo inali ya pakati pa dzinja, pamene nkhokwe zambiri m'midzi zimakhala zitauma. Akatswiri a nkhokwe ya mbewu ku Chitedze anadziwa kale mankhwala a vuto lotere pa njere zawo: maiko a SADC amatumiza mbewu zina zofanana ndi zimene akusunga ku nkhokwe ya chigawo chonse imene ili ku Chalimbana, kufupi ndi Lusaka, kuti moto kapena kufa kwa firiji pamalo amodzi kusathetse mtundu. Pa data lamulo lake ndi lomwelo, ndipo akatswiri a makompyuta amalitcha 3-2-1: makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, kope limodzi lili kumalo ena. Kwa bungwe la ku Malawi limene data yake ili pa mtambo wa kunja, kope la kumalo enalo liyenera kukhala pa seva ya m'dziko muno, ndipo mgwirizano ndi opereka thandizo uyenera kunena poyera, ntchito isanayambe, dzina la ofesi ya kuno imene idzalandire makiyi tsiku limene ndalama za pulojekiti zidzathe.